AIP itatha nyengo zisanu: feteleza ndi weniweni, koma amafika chimanga chitamasula

Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inakwanitsa nyengo zisanu zaulimi pofika 2025 chiikhazikitsireni a Lazarus Chakwera ku Zomba mu Okutobala 2020. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kuti tiiyeze monga timayezera sitolo iliyonse: katundu wake ndi wotani, mtengo uli bwanji, kodi amapezeka pa nthawi yake, nanga wogula amalandiridwa motani. Mwachidule, katundu ndi wabwino, mtengo ndi wotsika zedi kwa amene wachita mwayi, koma kagulitsidwe kake n'kokhumudwitsa ndipo kakhala kakuipiraipira chaka ndi chaka. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chikuyandikira, anthu ambiri kumudzi ankati avotera thumba la feteleza, choncho tiyeneranso kuona ngati amene ankaoneka kuti angalowe m'boma nthawi imeneyo anayendetsapo bwino ntchito yomweyi m'mbuyomu.

Tiyambe ndi zimene zili m'thumbamo. Wopindula amayenera kugula matumba awiri a makilogalamu 50. Limodzi ndi la NPK, feteleza wokulitsa, amene ambiri timangomutchabe Chitowe ngakhale kuti wamakonoyu ndi 23:10:5+6S+1.0Zn osati 23:21:0+4S wakale uja. Lina ndi la Urea, wobereketsa. Pamwamba pake pamabwera paketi ya mbewu ya chimanga cha haibulidi ya makilogalamu 5. Mabanja ena a ku Chikwawa ndi Nsanje analandirako mbuzi m'malo mwa feteleza. M'thumba la NPK muli nayitrojeni wokwana makilogalamu 11.5, mu Urea muli 23, onse pamodzi 34.5. Malangizo amene Unduna wa Zamalimidwe wakhala ukupereka pa chimanga cha haibulidi ndi makilogalamu 92 a nayitrojeni pa hekitala, kutanthauza matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a wobereketsa. Mukagawa, ekala imodzi imafuna pafupifupi makilogalamu 37. Ndiye kuti matumba awiriwa anapimidwira ekala imodzi basi, ndipo pamenepo anapima bwino. Amene amawamwaza pa maekala awiri kapena atatu kuti munda wonse ulaweko amangopeza chimanga chachikasu paliponse.

Pamene anaphonya ndi pa mbewu. Mukalima mizere yotalikirana masentimita 75 n'kubzala njere imodzi pa phando lililonse, mapando otalikirana masentimita 25, monga mwa njira ya Sasakawa, hekitala imalowa mbewu yokwana makilogalamu 25, ekala imalowa 10. Paketi ya makilogalamu 5 imathera pakati pa munda. Theka linalo mlimi amabzala chamakolo kapena haibulidi wobwereza wa m'nkhokwe, amene sabereka ngati woyamba uja, ndiye feteleza wodulayo amagwera pa mbewu yosatha kumugwiritsa ntchito mokwanira. Feteleza wa ekala, mbewu ya theka la ekala: vutoli ndi lotsika mtengo kulikonza poyerekeza ndi mtengo wa feteleza, koma lakhala chomwecho nyengo ndi nyengo.

Pa ekala pamakhala mapando pafupifupi 21,000, ndiye thumba limodzi limapereka magalamu awiri ndi pang'ono pa phando. N'chifukwa chake alangizi amati mupimire kachitsekerero ka botolo la Fanta, osati kutapa ndi dzanja. Bayani kadzenje masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pa tsinde, thirani, kwirirani. Kukwirirako si mwambo chabe: Urea wosiyidwa pamtunda dzuwa likuswa mtengo amasanduka mpweya n'kuuluka, ndipo mvula yamphamvu ikabwera amakokoloka kupita m'khwawa. Tiyerekeze kuti kilogalamu imodzi ya nayitrojeni yakubwezerani makilogalamu 15 a chimanga, zomwe zimatheka m'munda wopaliridwa bwino mvula itagwa bwino. Matumba awiriwa akuwonjezerani matumba 10 a chimanga. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limatha thumba pamwezi, mwina osakwana n'komwe, ndiye mukhoza kuona chifukwa chake anthu amagona pa depoti. Koma m'nthaka yoguga, yodzaza kaufiti, kapena mbozi ya ntchemberezandonda ikalowa osaipopera msanga, phindulo limatsika mpaka theka, nthawi zina kuchepera apo.

Pa ubwino wa fetelezayo, ambiri amene anagula m'madepoti odziwika anapeza weniweni. Nkhani za matumba osakaniza ndi mchenga zinamvekapo, apolisi anamangapo anthu, ndiye kusamala n'kofunika. Onani msoko wa pakamwa pa thumba ngati sunasokedwenso kachiwiri, ndipo ngati pali sikelo pafupi, kwezanipo musanachoke. Urea ndi wosavuta kumuyesa: tapani pang'ono, ikani m'botolo loonekera mkati momwe muli madzi, khutchumulani. Weniweni amasungunuka yense ndipo botolo limazizira m'manja. Mchenga umakhala pansi. NPK sayesedwa motero chifukwa ngakhale wabwinobwino amasiya zinyalala pansi.

Tsopano mtengo. Lonjezo la mgwirizano wa Tonse pa kampeni ya 2020 linali thumba la K4,495, ndipo nyengo yoyamba linakwaniritsidwa: mabanja pafupifupi 3.8 miliyoni, pa bajeti ya K160 biliyoni. Mu 2021/22 mtengo unakwera kufika K7,500, opindula 3.7 miliyoni. Mu 2022/23 unafika K15,000, opindula anatsika kufika 2.5 miliyoni. Mu 2023/24 anatsala 1.5 miliyoni, ndipo mu 2024/25 anali pafupifupi 1.1 miliyoni, mtengo uli pa K15,000 pomwepo. M'zaka zomwezi thumba la m'sitolo linachoka cha m'ma K20,000 n'kudutsa K100,000. Kwa amene dzina lake linatuluka, panalibe malonda otsika mtengo m'Malawi muno oposa amenewa. Koma pa mabanja khumi amene anagula mu 2020, asanu ndi awiri sankagulanso pofika 2024/25, ndipo amenewo ankayang'anizana ndi mtengo wa m'sitolo wokwera kasanu.

Apa pali kanthu kamene anthu sakakamba kawirikawiri. AIP inakhomera mtengo wa mlimi pamalo amodzi, ndipo chotsala chonse amalipira ndi boma. Feteleza akakwera kunja kapena kwacha ikagwa, mlimi salipira zambiri, boma ndilo limasenza, ndipo njira yokhayo imene limapeza ndi kufufuta maina. Kumudzi zimenezi zimabala mikangano. Mudzi wa mabanja 60 ukatulukira maina 12, a mfumu amalamula kuti anthu agawane, ndiye thumba limodzi limagawidwa ndi ndowa pakati pa mabanja atatu kapena anayi. Chilungamo cha pamudzi chilipo pamenepo, koma masamu a ekala imodzi aja afa.

Kagulidwe kake papepala n'kosavuta. Mlangizi, a mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi amalemba maina, mainawo amalowa m'kaundula wa pakompyuta ku unduna, ndipo mndandanda umabwerera ku EPA, ofesi ya alangizi ya m'dera. Tsiku logula mumapita ku depoti ndi chiphaso cha unzika cha NRB, kalaliki amajambula ndi foni kachizindikiro ka pa chiphasocho, dzina likatuluka mumalipira n'kunyamula. Makuponi anathetsedwa, ndipo tisabise, iyi inali nzeru yabwino. Kuponi ankaisindikiza mwachinyengo, ankaigulitsa pamsika, ndipo kunali midzi yongopeka imene inkalandira makuponi chaka ndi chaka. Chiphaso cha unzika chinatseka mabowo ambiri oterewa.

Chinatsegulanso ena. Foni ya kalaliki imadalira netiweki, ndipo madepoti ambiri ali kumene netiweki imachita kusakidwa pachulu. Ikagwa m'mawa, mzere wonse umakhala padzuwa mpaka madzulo, feteleza ali m'nyumbamo mukumuona. Ena amafika pawindo n'kuuzidwa kuti chiphaso chawo chinagula kale, mwina kuboma lina kumene sanapondeko. Ena dzina linalembedwa mosiyana ndi la pa chiphaso, chilembo chimodzi chokha, kompyuta n'kukana. Anthu ena ziphaso zawo za mu 2017 zinatha ntchito kapena zinafufutika moti foni siiwerenga. Ndiye pali mavenda. Venda amafika kumudzi mu Okutobala kapena Novembala, nthawi imene m'nyumba mulibe ufa, n'kugula chiphaso kwa munthu amene ndalama ya matumba awiri sangaipeze. Amabwera pa depoti ndi mulu wa ziphaso, ndipo mwanjira yodziwa yekha ndi kalaliki, amalowa pakhomo lakumbuyo pamene azimayi amene anafika usiku ndi ana kumbuyo adakali pamzere. Mawu oti "kangachepe" amamveka poyera. Chinanso chotopetsa n'chakuti kawirikawiri galimoto imabweretsa mtundu umodzi: lero kuli Urea yekha, NPK mudzabwerenso. Ulendo uliwonse ndi ndalama ya kabaza ndi tsiku limodzi losapalira.

Nyengo ya 2022/23 ndiyo inathetsa chikhulupiriro cha ambiri. Mu Ogasiti 2022 boma linatseka ADMARC n'kuchotsa antchito kuti liikonzenso, misika yake yambiri ya kumidzi n'kukhala yokhoma pa nthawi imene inkafunika kwambiri, ndipo katundu wambiri anagwera SFFRFM, bungwe la boma logulitsa feteleza, imene madepoti ake ndi ochepa. Kenako zinaululika kuti K750 miliyoni yogulira feteleza inaperekedwa ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods, imene ntchito yake inali yogulitsa nyama. Mu Okutobala a Chakwera anachotsa nduna ya zamalimidwe a Lobin Lowe pamodzi ndi wachiwiri wawo, n'kuikapo a Sam Kawale. Nthawi n'kuti itatha kale. Alimi m'madera ambiri anauzidwa kuti alipiriretu, feteleza abwera pambuyo, ndipo ambiri anafika pokolola asanamuone. Munthu anagulitsa mbuzi kapena kutenga katapila kuti alipire, n'kutsala ndi kalisiti m'manja. Matani 20,000 a feteleza amene dziko la Russia linapereka anafika kumayambiriro kwa 2023, mbewu zili kale m'munda.

Kuchedwaku ndiye nthenda yaikulu ya AIP, ndipo mpofunika kumvetsa chifukwa chake thumba lofika mu Januwale silifanana ndi lofika mu Okutobala ngakhale kuti kulemera n'kumodzi. Kum'mwera mvula yobzalira imagwa cha pakati pa Novembala, m'chigawo chapakati kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, kumpoto mu Disembala. Wokulitsa amathiridwa pobzala kapena pasanathe sabata chimanga chitamera, chifukwa fosifolasi wa mmenemo ntchito yake ndi kumanga mizu, ndipo sayenda m'nthaka: akachedwa, mizu yakula kale yofooka. Wobereketsa amathiridwa pakatha masabata atatu kapena anayi, chimanga chikamafika m'mawondo, nthawi imene chikukonza kukula kwa chisononkho. Pofika masabata asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi chimamasula, ndipo zambiri zokhudza zokolola zagamulidwa kale. Amene anabzala pa 20 Novembala n'kulandira matumba ake kumapeto kwa Januwale walandira feteleza wa chaka chamawa. Komabe m'malipoti a ku unduna munthu ameneyu amawerengedwa kuti wapindula, ndipo nduna imalengeza kuti ndondomeko yafika pa maperesenti apamwamba.

Nanga amachedwa chifukwa chiyani? Malawi sapanga Urea. Feteleza amabwera pa sitima zapamadzi kudzera ku Beira ndi Nacala, nthawi zina Dar es Salaam, ndipo kuchokera tsiku loitanitsa kufika tsiku lotsitsa m'nyumba zosungira ku Kanengo kapena ku Blantyre pamadutsa miyezi iwiri kapena itatu zinthu zikayenda bwino. Wogulitsa kunjako safuna kwacha, amafuna madola. Kale boma linkanamizira bajeti, poti inkayamba mu Julaye, koma kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye chifukwa chimenecho chinatha. Chotsala ndi madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022 ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, koma madola m'mabanki sanachuluke, ndipo mtengo wa mumsewu unapitirira kawiri mtengo wa kubanki. Mgwirizano wa ngongole ndi IMF umene unavomerezedwa mu Novembala 2023 unafera panjira mu Meyi 2025. Madola ochepa omwewo akulimbiranidwa ndi mafuta agalimoto ndi mankhwala a m'zipatala. Feteleza akafika ku Kanengo, galimoto yomunyamula ili pamzere wa dizilo, ndipo ikapeza dizilo msewu wa kumudzi waduka ndi mvula.

Chipani cha MCP chili ndi zodandaula zake zomveka. Nyengo yoyamba, mvula itagwa bwino, dziko linakolola matani oposa 4 miliyoni a chimanga, kuposa chimene limadya. Pambuyo pake kunabwera namondwe Ana ndi Gombe mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine imene inakweza feteleza padziko lonse, Freddy mu Malichi 2023, ndi ng'amba ya El Niño imene inachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti agweredwa ngozi mu Malichi 2024, anthu 5.7 miliyoni n'kufuna thandizo la chakudya. Palibe boma limene likanadutsa pamenepa osakandika. Koma namondwe sanatumize ndalama kwa ogulitsa nyama, sanatseke ADMARC, sanalandire ndalama za alimi feteleza palibe. Ndipo amene analonjeza kudya katatu patsiku si alimi. Mawu oti "boma ndi lomweli" akamamveka pamsonkhano mu 2025, m'midzi yambiri anthu ankawamva ngati chiopsezo osati chilimbikitso. Ngongole za feteleza za NEEF, bungwe la boma lobwereketsa ndalama, ndi minda ikuluikulu imene boma la MCP linkatamanda zinathandiza ena, koma sizinafike kwa mayi wa ekala imodzi amene dzina lake linafufutidwa mu 2023.

N'chifukwa chake mu 2025 maso anatembenukira kwa a Peter Mutharika ndi DPP, ndipo kafukufuku wa bungwe la IPOR anaonetsa kuti iwo anali patsogolo. Chikumbumtima cha anthu chili ndi maziko. Ndi a Bingu wa Mutharika amene anayambitsa FISP, ndondomeko ya makuponi a feteleza, mu 2005/06, kulowa m'malo mwa timapaketi ta Starter Pack ndi TIP ta nthawi ya a Bakili Muluzi, mabungwe akunja akukana, ndipo pofika 2007 Malawi ankagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Thumba linatsika mpaka K500. Chizindikiro cha chipanicho ndi chimanga, ndipo sichinasankhidwe mwangozi. M'zaka za 2017 mpaka 2019 kwacha inakhazikika cha m'ma K730 pa dola imodzi, kukwera mitengo kwa zinthu kunatsika, ndipo mphunzitsi kapena mlimi wa fodya ankatha kugula matumba angapo m'sitolo osadikira kuponi. Munthu amene akuyerekeza K20,000 ya nthawi imeneyo ndi mtengo wa lero simungamuuze kanthu.

Koma tikayeza DPP ndi muyeso womwe tayezera AIP, zotsatira sizosangalatsa monga amaimbira pamisonkhano. Ndi boma la a Peter Mutharika limene linakweza mtengo wa mlimi kuchoka pa K500 kufika K3,500 mu 2015/16, n'kudula opindula kuchoka pa 1.5 miliyoni kufika 900,000 chaka chotsatira. Chiwerengero chimenechi n'chotsika kuposa chimene MCP inkanyozedwa nacho mu 2025. Linasinthanso kachitidwe: kuponi inakhala ndi mtengo wake wokhazikika, mlimi n'kumawonjezera chotsala kwa wogulitsa. Njira imeneyi ndi yosemphana ndi ya AIP. Boma limadziwiratu zimene liwononge, koma feteleza akakwera, wosenza ndi mlimi. Inayenda chifukwa mitengo inali itakhazikika. Itabwezeretsedwa pa mitengo ya lero popanda kukweza kwambiri mtengo wa kuponi, wosauka weniweni sangakwanitse kuwonjezerako, ndipo makuponi angathere kwa mavenda monga kale. Kuchedwa kunalipo, makuponi ogawidwa mu Disembala analipo, mafumu osunga makuponi m'thumba analipo. Mu 2016 ng'amba itavuta, anthu oposa 6 miliyoni anafuna thandizo la chakudya FISP ili pomwepo, ndipo kugula chimanga ku Zambia kudzera ku ADMARC kunabala nkhani imene inachotsetsa nduna ya zamalimidwe a George Chaponda mu Febuluwale 2017, ngakhale kuti khoti linadzawapeza osalakwa.

Pa madola, amene ndiye muzu wa vuto, DPP ilinso ndi zipsera. Mizere ya mafuta ya 2011 ndi 2012, anthu akugona pa malo omwetsera mafuta ndi zigubu, inali ya nthawi ya a Bingu, ndipo zionetsero za pa 20 Julaye 2011 zinaphetsa anthu 20. Kukhazikika kwa kwacha kwa m'zaka za a Peter kunatsamira pa ngongole, ndipo IMF inadzapeza kuti ziwerengero za ndalama zakunja zosungidwa zimene inapatsidwa nthawi imeneyo sizinali zoona. Ngongolezo adakazibwezabe. Panali nkhawa inanso imene ngakhale otsatira chipanicho ankanong'onezana: mu 2025 a Mutharika anali ndi zaka 85 ndipo sankaoneka kawirikawiri pamisonkhano, ndiye funso linali lakuti amene azidzasaina makontilakiti a feteleza tsiku ndi tsiku ndi ndani. Wachiwiri wawo ndi mayi Jane Ansah, amene ankatsogolera MEC pa chisankho cha 2019 chimene khoti linachithetsa pa 3 Febuluwale 2020 chifukwa cha zolakwika zambiri, kuphatikizapo tipeksi uja. Anthu amene anayenda m'misewu nthawi imeneyo mu 2025 ankati bola omwewo. Kumeneko kunali kutopa ndi amene analipo, osati kukhulupirira amene ankabwera.

A Dalitso Kabambe a UTM, a Atupele Muluzi a UDF ndi mayi Joyce Banda a PP nawonso anali pa mpikisano wa mu 2025, ndipo nkhani ya feteleza sinkachoka pakamwa pa aliyense. Pa nsanja timamva mtengo wa thumba. Zimene wogula wanzeru akufuna kumva ndi zina: makontilakiti adzasainidwa mwezi uti, madola adzachokera kuti, maina adzamatidwa poyera pa EPA liti, ndipo amene walipira osalandira adzadandaula kwa ndani. Palinso nkhani ya alangizi. Ndondomekoyi imadya gawo lalikulu la bajeti ya zamalimidwe, pamene mlangizi mmodzi akuyang'anira alimi masauzande awiri kapena kuposerapo, nthawi zambiri wopanda njinga yamoto yoyenda. Feteleza wothiridwa molakwika m'nthaka yoguga ndi ndalama yotayika, kaya anagulidwa ndi tambala wakuda kaya ndi chimanga.

Kwa inu alimi, malangizo athu ndi akuti ndondomeko ya boma ya zipangizo zotsika mtengo muziitenga ngati chowonjezera, munda musaukonzere pa iyo. Pitani kwa alangizi msanga mukaone ngati dzina lilipo komanso ngati lalembedwa mofanana ndi la pa chiphaso. Chiphaso chotha ntchito kapena chofufutika kachikonzetseni ku NRB mvula isanayambe, ndipo musachipereke kwa munthu wina aliyense, ngakhale wa komiti, kuti akakugulireni. Musalipire feteleza amene simukumuona. Ngati mwakakamizika kulipira kudzera m'kalabu, lisiti likhale ndi chidindo, tsiku ndi dzina la wolandira. Mukalandira mochedwa chimanga chili m'mawondo kapena m'chiuno, thirani Urea, koma NPK msungireni kudimba kapena chaka chamawa. Chikakhala chamasula, sungani onse awiri, pamatabwa osati pansi, thumba lomanga bwino, m'chipinda chosadontha, chifukwa Urea amakoka chinyezi n'kuuma gwa.

Amene maina awo sanatuluke ambiri atembenukira ku manyowa a Mbeya. Muyeso umene alangizi ambiri amaphunzitsa ndi makilogalamu 10 a feteleza, 10 a phulusa losefa, 10 a ndowe zouma zosinja za nkhuku, nkhumba kapena mbuzi, 20 a gaga, ndi malita 5 a madzi. Sakanizani bwino, ikani m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, mangani kuti mpweya usalowe, dikirani masiku 21, kenako yanikani pamthunzi kwa maola ochepa. Amathandiza nthaka kusunga chinyezi, ndipo phulusa limachepetsa asidi wa m'nthaka. Koma musanamizidwe kuti thumba limodzi lasanduka matumba asanu: nayitrojeni wa m'makilogalamu 10 a Urea ndi 4.6 basi, kuwonjezapo pang'ono wa m'ndowe ndi gaga, ndipo thumba likabowoka fungo loluma m'mphuno lija ndi nayitrojeni amene akuthawa. Mbeya amafunika kuthira wochuluka pa phando kuposa feteleza wamba. Njira yodalirika kwambiri, ngakhale imatenga nthawi, ndi kudula munda: feteleza wochepayo athire theka la ekala mokwanira, theka linalo mubzale soya, mtedza kapena nandolo, chaka chamawa musinthanitse.

Chomaliza ndi kalendala. Voti ya mu 2025 inali pa 16 Seputembala, MEC inali ndi masiku 8 olengezera zotsatira za mtsogoleri wa dziko, ndipo pakanapanda wopeza mavoti oposa theka pakanakhala chisankho chachibwereza choyandikira nthawi yobzala. Ngakhale wopambana atalumbira kumayambiriro kwa Okutobala n'kuitanitsa feteleza tsiku lomwelo, madola ali m'manja, sitima ndi magalimoto zikanamufikitsa kumudzi cha mu Disembala kapena Januwale. Feteleza amene akanathiridwa pa nthawi yake mu 2025/26 anali yekhayo amene anali kale m'dziko muno kapena panjira pa nthawi ya chisankho. Amene muli ndi soya, mtedza kapena fodya wogulitsa, gulani wokulitsa msanga, ngakhale wa makilogalamu 10 kapena 25.